Wophunzira Woyamba wa a Saizi

Anthu a mumsewu wa mashopu uja ankawatchula kuti a Saizi, ndipo dzinalo linawakhala moti ngakhale akazi awo ankawaitana choncho akafuna kuwaseka. Linabwera chifukwa cha kaperekedwe kawo ka moni. Munthu akalowa, iwo sankayamba ndi nkhope. Ankayang'ana mapazi, n'kunena kuti, "Seveni, koma lakumanja n'lotambalala," kenako n'kudzutsa mutu kufunsa kuti mwadzuka bwanji. Ambiri ankaseka. Ena ankakhumudwa, makamaka amayi amene ankafuna kuti phazi lawo lizidziwika ngati faifi pomwe linali eyiti.

Shopu yawo inali chipinda chimodzi chachitali kuseri kwa sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Kuti ukafikeko unkadutsa kampata kopapatiza pakati pa makoma awiri, ndipo fungo la guluu linkakulonjera usanaone chitseko. Mkatimo munali makina awiri osokera chikopa, ena opalasa ndi phazi, ena amagetsi amene ankalira ngati ali ndi chifuwa. Panali tebulo lodulirapo lodzaza zipsera za mpeni, ndi mashelefu a zikombole, timapazi tamatabwa timene nsapato imaumbidwirapo, tondandalikidwa kuyambira ta ana a mkaka mpaka ta zimphona. A Saizi ankapanga nsapato zatsopano, zakuda za ana a sukulu ndi majombo a alonda. Zong'ambika ankakonza zokhazo zimene zinatuluka m'manja mwawo. Ukawabweretsera ya kwina ankakulozera kumsika.

Ntchitoyi sanaiphunzire mwamtendere. Ali mnyamata, bambo awo anakawasiya kwa mmisiri wina wachikulire, wa dzanja labwino koma wouma mtima. Zaka zinayi anakhala kumeneko, ntchito ili kusesa, kupaka guluu ndi kusenza zikopa. Ikafika nthawi yojambula mapatani, timakatoni timene mpeni umatsatira podula chikopa, mkuluyo ankalowa m'kachipinda n'kudzikhomera. A Saizi anaphunzira ngati wakuba. Ankatola nsapato zotayidwa, kuzimasula ulusi umodziumodzi, kuyala zidutswazo pansi ndi kuzijambula pa makatoni a sopo. Tsiku limene anatsanzika kuti akayambe zawo, mkuluyo anawafulatira, ndipo mpaka kumwalira kwake akakumana panjira ankayang'ana kumbali.

Pa zonsezi a Saizi anatolapo mfundo imodzi, yakuti luso silipatsidwa, limachita kubedwa, ndipo amene ali nalo azilitsamira pogona. Mapatani awo ankawasunga m'bokosi lachitsulo, kiyi ali m'thumba la mkati.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri anagwira okha. Akazi awo ankabwera Loweruka kudzapaka polishi ndi kulowetsa zingwe. Ana awo aamuna awiri anakula akununkhiza guluu ndipo onse anamuthawa, wina anakhala dalaivala, wina analowa ntchito ya mu ofesi. Sukulu zikamatsegulira makolo ankadzaza kampata kaja, a Saizi n'kumabweza theka la iwo poti manja anali awiri okha. Anyamata ankabwera kudzapempha kuphunzira, koma yankho linali limodzi.

"Ndikuphunzitse lero, mawa udzatsegule pakhomo panga pomwe? Pita kwa owotcherera, kumeneko amafuna anthu."

Amene anathyola lamuloli sanali mnyamata. Anali mayi a zaka pafupifupi makumi anayi, aafupi, a mawu osakwera koma osabwerera m'mbuyo. Anatulukira Lachiwiri lina m'mawa atagwira dzanja kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. A Saizi mwachizolowezi anayang'ana pansi, ndipo nambala sinatuluke. Mwendo wakumanzere wa mwanayo unali waufupi, phazi lake laling'ono ndi lopindikira mkati pang'ono. Kunsi kwa nsapato yake wina anakhomerako chidutswa cha tayala, misomali ikuchita kuonekera.

"Anakhoma izi ndani?" anafunsa a Saizi.

"Wokonza nsapato wakumsika. Ameneyu ndi wachinayi," anayankha mayiwo. "Pakatha milungu iwiri chimachoka, mwanayu n'kugwa. Andiuza kuti inu mumapanga nsapato kuyambira pachiyambi."

"Ndimapanga za mapazi awiri ofanana, mayi. Zikombole zanga ndi izo, ziyang'aneni nokha. Palibe cha phazi ngati limeneli."

"Nanga zikombolezo anapanga ndani?"

"Zimagulidwa."

"Munthu sangaseme china?"

"Mayi, ndili ndi ntchito."

Anapita. Lachinayi mayiwo anabweranso, ali okha. Anafotokoza kuti amakolopa m'maofesi a kampani ina kuyambira m'bandakucha, ndipo ikamakwana teni koloko amakhala ataweruka. Bambo a mwanayo anachoka kalekale, zawo sanafune kuzinena.

"Ngati simungampangire, ndiphunzitseni ndimpangire ndekha. Mwanayu akukula. Chaka chilichonse azifuna ina, ndipo ine sindingamangoyenda m'misika kupepesa anthu."

A Saizi anakana. Kunyumba nkhaniyi anaifotokoza ngati yoseketsa, koma akazi awo sanaseke.

"Ndiye mwawakaniza chifukwa chiyani?"

"Lamulo langa mukulidziwa."

"Lamulo lanu ndi la anyamata ofuna kutsegula shopu. Awa akufuna nsapato imodzi, yakumanzere. Mukuopa kuti adzakulandani makasitomala amene inuyo mumawabweza kale?"

A Saizi anaweramira mbale yawo ya nsima.

"Komanso msana wangawu wakana za Loweruka zija," anawonjezera akazi awo. "Polishi muzipaka nokha."

Lolemba lotsatira mayi aja anayamba ntchito. Pangano linali lakuti azifika teni koloko, kuweruka folo koloko, ndipo pakutha pa mlungu azilandira kangachepe ka sopo. A Saizi sankadziwa njira ina yophunzitsira kupatula imene anadutsamo iwo, choncho anawapatsa tsache, botolo la guluu ndi nyundo. Zodula zonse ankazidula m'mawa mayiwo asanafike, bokosi lija n'kulikhoma.

Mayiwo ankasesa bwino kuposa aliyense amene anagwirapo tsache m'chipinda chimenecho, poti inali ntchito yawo kale. Vuto linali pakamwa.

"Bambo, n'chifukwa chiyani guluu timamusiya ayambe waumako tisanamate?"

Limenelo anayankha mosavuta.

"N'chifukwa chiyani chikopa cha kumimba simudulako zakutsogolo?"

"Chimatamuka. Mwezi umodzi nsapato imakhala ngati thumba."

"N'chifukwa chiyani mumagogoda chikombole katatu musanachisolole?"

"Chifukwa ndi mmene zimakhalira."

"Koma chifukwa chake n'chiyani?"

"Mayi inu, kodi munabwera kudzaphunzira kapena kudzazenga mlandu?"

Mwini sitolo ya penti, amene ankamva zonsezi kudzera pawindo lakuseri, ndi amene anapatsa mayiwo dzina lakuti a Chifukwa. Za kugogodazo, a Saizi anaziganizira masiku awiri, n'kupeza kuti ankachita chifukwa mmisiri wachikulire uja ankatero basi. Tsiku lina ali okha anayesa kusolola osagogoda. Chikombole chinatuluka bwinobwino. Sanauze munthu, ndipo anapitiriza kugogoda.

Mwezi wachitatu, a Chifukwa anapatsidwa ntchito yolandira nsapato zobwera kudzakonzedwa. Masana ena a Saizi anapeza nsapato zisanu ndi ziwiri zitandandalikidwa patebulo lodulirapo, zonse zakuda za sukulu, zonse zitaphulika malo amodzi, pamene pamakhala kachala kakang'ono.

"Zimenezi zikutani patebulo panga?"

"Zonsezi ndi saizi folo, bambo. N'chifukwa chiyani folo yekha ndi amene amaphulika pamenepa?"

"Ana a msinkhu umenewo amamenya miyala panjira."

"A fili ndi a faifi samenya?"

"Chotsani, ndikufuna kudula."

Koma funsolo linawatsata mpaka kunyumba. M'mawa mwake anatsegula bokosi, n'kusanjika patani ya folo pakati pa ya fili ndi ya faifi. Folo ndi amene ankayenda malonda kwambiri, choncho katoni yake inali itakumana ndi mpeni kambirimbiri. Ulendo uliwonse mpeni unkapalako kafumbi m'mphepete, ndipo pa zaka zonsezo pataniyo inali itachepa, mbali iyi ngati kamtengo ka machesi, mbali inayo chimodzimodzi. Chikopa chinkafika pachikombole mochita kukoka, n'kukaphulikira kuphazi kwa mwana. A Saizi anakhala pampando, katoni ili m'manja. Munthu wodziwa phazi la mlendo pongoliyang'ana anali atakhala zaka akugulitsa folo amene sanali folo, n'kumanamizira miyala ya panjira.

A Chifukwa atafika anapeza bokosi lili chotsegula, mapatani ali mbwee patebulo.

"Ikani tsachelo," anatero a Saizi osawayang'ana. "Gwirani tepi apa. Tijambulanso zonse, ndipo mukafunsa muzifunsa limodzilimodzi."

Mlungu umenewo ndi umene maphunziro anayamba. A Saizi anapeza kuti kufotokoza chinthu n'kovuta kuposa kuchichita. Manja awo ankadziwa zambiri zimene pakamwa panali pasananenepo, ndipo nthawi zina ankayamba kufotokoza, mawu n'kutha, n'kungoti, "Taonani," n'kuchita pang'onopang'ono. A Chifukwa anawononga zikopa zingapo. Msoko wawo woyamba pamakina unayenda ngati njira ya woledzera. Miyezi imeneyo ntchito inkachedwa kuposa nthawi imene a Saizi anali okha, ndipo iwo sankabisa kudandaula kwawo. Koma mayiwo akalakwitsa chinthu kamodzi sankachibwerezanso, ndipo zimene auzidwa ankazilemba m'kabuku ka mwana wawo kotsala masamba.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, a Saizi anafunsa mwadzidzidzi ali pamakina.

"Mwana uja akadavalabe tayala?"

"Akadavalabe."

"Mubwere naye Loweruka."

Anamuimika pakatoni n'kujambula mapazi onse awiri. Kenako anayamba kulowetsa timatabwa topyapyala kunsi kwa phazi lakumanzere, kamodzikamodzi, mpaka chiuno cha mwanayo chitawongoka. Kuperewera kwa mwendowo kunakwana zala zitatu zosanjikiza. Anatenga chikombole chakale, kuchipala mbali imodzi, mbali inayo kumatapo zidutswa za chikopa mpaka chinafanana ndi phazilo. Mpeni unali m'manja mwa a Chifukwa. A Saizi ankati akungoyang'anira, koma ntchito ya majombo inaima masiku atatu.

Nsapato yoyamba anaikweza ndi mphira wolimba yekhayekha. Mwanayo anayenda nayo kuchoka patebulo kufika pakhomo, n'kunena kuti, "Ngati ndamanga njerwa." Yachiwiri anaibowola mkati kuti ipepuke, koma inamutulutsa thuza kuchidendene tsiku loyamba lomwe. A Saizi zinawapweteka kuposa mmene anayembekezera. Anayamba kufika m'mawa kwambiri, kumangoitembenuza nsapatoyo m'manja.

Nzeru ya yachitatu inachokera kwa a Chifukwa. Anabwera ndi thumba la mapatapata akale oduka zingwe.

"Mphira uyu ndi wopepuka, bambo. Tikamusanjikiza katatu, n'kumukuta ndi chikopa, wolimba uja n'kungomuika pansi penipeni?"

"Mapatapata m'shopu mwanga? Anthu adzati a Saizi afika potola m'dzala."

"Adzaona bwanji, atakutidwa?"

A Saizi anafinya mphirayo ndi chala, n'kuona mmene ankabwerera. Ananyinyirika, kenako anati kutsogolo kwake akusenge mopendeka kuti phazi lizigudubuzika poyenda m'malo momenya pansi. Zimenezo a Chifukwa sakanaziganiza. Anagwira awiriwo masiku anayi.

Mwanayo atavala anatuluka, kuyenda kampata konse mpaka kumsewu, kubwerera, kupitanso. Phewa lake silinkagwanso mbali imodzi. Amayi ake anaima pakhomo manja ali pakamwa. Atabwerako kachitatu a Saizi anamufunsa.

"Ikupweteka pati?"

"Palibe."

"Ndiye nkhope yakwinyikiranji?"

"Ilibe kachitsulo. Za anzanga zili ndi kachitsulo pambali."

A Chifukwa anatsala pang'ono kumutsina khutu. A Saizi anaseka mpaka kutsokomola, n'kutsegula kabati kufunafuna tizitsulo tiwiri tonyezimira.

Iwo ankaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, ndipo mumtima anali atakonzeka kuti mayiwo atsanzika poti chimene anabwerera chapezeka. Lolemba teni koloko a Chifukwa anafika monga mwa masiku onse. Lachitatu kunabwera mayi wina amene anaona nsapato ija pamzere wa kuchipatala, atabereka mwana wa mapazi opindika. Kenako kunabwera bambo wina wachikulire amene anadulidwa zala ziwiri chifukwa cha matenda a shuga, ndipo nsapato iliyonse ya m'sitolo inkamutupitsa. Kunabweranso mphunzitsi wamkazi wa phazi la leveni, amene moyo wake wonse ankavala nsapato zachimuna. Anthu amenewa analipo nthawi yonseyi m'misewu yomweyo, kungoti a Saizi ankawabwezera pakhomo. A Chifukwa anasiya ntchito yokolopa, n'kumafika seveni koloko.

Ntchito itachuluka, a Saizi okha ndi amene ananena kuti pakufunika munthu wina. Anabwera mwamuna wa zaka makumi atatu amene anali kondakitala wa basi mpaka basiyo itagulitsidwa, ndipo dzina la Kondakitala linalowa naye m'shopumo. Manja ake anali olemera. Zinamutengera zaka ziwiri kuti msoko wake uwongoke, ndipo a Saizi ankati akamuona wagwira mpeni mtima umawathawa. Koma pakamwa pake panali popepuka. Tsiku lina anapempha nsapato zitatu zachitsanzo, kuziika m'chikwama, n'kuzungulira nazo m'sukulu ndi m'makampani a alonda. Anabwerako madzulo ndi mayina a anthu ofuna nsapato odzaza pepala mbali zonse. A Saizi pa zaka zawo zonse anali asanagogodepo pakhomo pa munthu kukatsatsa malonda. Ankaona ngati kupemphetsa.

"Bwana, basi sidzaza yokha," anatero Kondakitala. "Pamafunika woitanira."

Si onse amene anakhalitsa. Mnyamata wina anatha milungu iwiri, n'kunena kuti guluu akumupweteketsa mutu. Wina anakhala miyezi inayi, n'kusowa pamodzi ndi mpeni umene a Saizi ankaukonda kwambiri. Tsiku limenelo analumbira kuti satenganso munthu, ndipo lumbirolo linakhala mpaka sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira.

Chimene chinawakhazika mtima pansi chinali china. Achimwene awo aakulu anamwalira kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Kale pakagwa zotere a Saizi ankakhoma shopu, kukaonekera pamaliro, n'kuthamangira kubwerera anthu asanabalalike, abale n'kumawanena kuti amakonda zikopa kuposa anthu. Ulendo uno anasiya kiyi wa chitseko ndi wa bokosi m'manja mwa a Chifukwa, ndipo anakhala masiku asanu ndi anayi, mpaka nkhani zonse za pabanja zitakambidwa. Pobwerera, m'basi monse ankangoganiza za zimene akapeze zitawonongeka. Anapeza majombo makumi awiri ali pashelefu, opakidwa kale polishi. Anatenga imodzi, kuitembenuza, kupinda, kuyang'ana mkati, kufunafuna cholakwika. Anapeza kaulusi kamodzi kosadulidwa. Anakadula mokweza kuti onse amve.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, chimene ankachiopa chija chinafika. A Chifukwa anadikira kuti Kondakitala atuluke, n'kukhala pampando moyang'anana nawo.

"Bambo, ndapeza chipinda pafupi ndi geti la chipatala. Ndikufuna ndikayambe zanga."

A Saizi anapitiriza kunola mpeni.

"Anthu athu a mapazi ovuta aja kuno amavutika," anapitiriza mayiwo. "Njinga ya olumala siilowa pakampata apa. Agogo ena mlungu watha tinawayezera pamsewu, anthu akuonerera. Za sukulu ndi majombo sindikapanga, zimenezo n'zanu."

"Ndinanena ine," anatero a Saizi. "Kalekale ndinanena."

"Munanena. Koma sindikuchoka mozemba, n'chifukwa chake ndakhala pansi."

"Mwamaliza? Pali ntchito."

Mwezi utatha a Chifukwa anachoka ndi kabuku kawo ndi nyundo imene anagula okha. A Saizi sanapite kukaona chipindacho. M'shopu dzina la mayiwo silinkatchulidwa. Anthu a mapazi ovuta akasochera n'kufika kwa iwo, ankawalandira mwamakani m'malo mowalozera kuchipatala, ndipo ntchito imene a Chifukwa ankaimaliza masiku atatu inkawatengera mlungu, poti maso anali atayamba kuchita chifunga pa ulusi wakuda. Kunyumba ankangokhala ndwii. Akazi awo anawasiya, poti ankawadziwa kuti akatupa safuna kubooledwa msanga.

Mwezi wachitatu Kondakitala analowa ndi pepala.

"Bwana, sukulu ya anamwino ikufuna nsapato zoyera, mapeyala makumi anayi, ndipo chaka chilichonse azifuna zina."

"Wazipeza bwanji?"

"Sindinazipeze ine. Anapita kwa a Chifukwa poti ali pafupi. Iwo awauza kuti zoterezi amapanga bwino ndi amene anawaphunzitsa, n'kuwalembera njira ya kuno."

A Saizi anawerenga pepalalo kawiri. Madzulo analionetsa akazi awo.

"Mdani wanuyu ndi wachilendo," anatero akazi awo. "Ena amalanda, uyu akutumiza."

Loweruka a Saizi anavala jekete, n'kutenga thumba. Chipinda cha a Chifukwa chinali chaching'ono koma cha khomo lalikulu, ndipo panja panali benchi pamene panakhala anthu atatu. Mkati munali mtsikana uja, tsopano wamtali kuposa amayi ake, akujambula phazi la mnyamata wina pakatoni. A Chifukwa ataona mlendoyo anaimirira, kupukuta manja.

"Takulandirani, bambo."

A Saizi anayang'ana uku ndi uku. Anagwedeza tebulo ndi dzanja.

"Tebulo ili likugwedera. Mudula bwanji chowongoka pamenepa?"

"Ndimaikira katoni kumwendo."

"Katoni! Ndipatseni sowo."

Anavula jekete, kugwada, kufupikitsa miyendo itatu mpaka tebulo linaima nji. Kenako anamvetsera kulira kwa makina, n'kunena kuti lamba wake ndi wolefuka, n'kumukonza. Pochoka anasiya thumba lija pakona. Munali zikombole khumi ndi ziwiri zakale, zabwino kupala ndi kumatapo.

"Zimangondidyera malo," anatero ali pakhomo.

Kuyambira pamenepo mashopu awiriwa amatumizirana anthu. Wa phazi lovuta akafika kwa a Saizi amalozeredwa kuchipatala, wofuna zambiri zofanana akafika kwa a Chifukwa amalozeredwa kuseri kwa sitolo ya penti. Zikopa amagula pamodzi kuti wogulitsa aziwamvera. Amatsutsanabe pa nkhani imodzi. A Chifukwa amapatsa wophunzira mpeni mlungu woyamba, amati munthu aphunzire pa zidutswa zotsala. A Saizi amati miyezi itatu, ndipo amati kumeneko n'kufewa kale.

Pano a Saizi adutsa zaka makumi asanu ndi limodzi. Amavala magalasi, ulusi amawalowetsera ena, ndipo zoyendetsa shopu zambiri zili m'manja mwa Kondakitala, amene anagwetsa khoma la kumapeto n'kuwonjezera chipinda china. Muli anthu asanu. Atatu mwa iwo ndi ophunzira, ndipo a Saizi ntchito yawo yaikulu ndi kuyendayenda kumbuyo kwawo manja ali kumsana.

Chaka chino kunabwera mtsikana wina amene anasiya sukulu atabereka. Ndi wachete, wa maso akuthwa, ndipo guluu amapaka mosadontheza. Miyezi itatu itakwana a Saizi anamupatsa mpeni ndi chidutswa cha chikopa. Anaulandira ndi dzanja lamanzere.

"Dzanja linalo," anatero a Saizi.

Anasintha. Mzere unatuluka wokhotakhota. Anayesa mlungu wathunthu, osasintha kanthu, ndipo tsiku lina anapezeka akulira mwakachetechete kuseri kwa shelefu. A Saizi anauza Kondakitala kuti mwanayu kudula si kwake, abwerere ku guluu.

"Bwana, mwanayu ndi wamanzere. Mipeni yathu yonse inanoledwa mbali imodzi, ya ife. Mumupatse wake, adule ndi dzanja lake."

"Ndiye ndimuonetsa bwanji? Ine ndimadziwa kudula ndi ili."

"Zimenezo ndiye za aphunzitsi, ine ndine kondakitala."

Loweruka masana onse ataweruka, a Saizi anatsalira. Anatenga mpeni watsopano, kuunola mbali inayo, n'kuugwira ndi dzanja lamanzere. Unkawavuta ngati supuni m'dzanja la khanda. Anadula zidutswa zodzaza katoni, kufunafuna mmene chigongono chiyenera kukhalira ndi kumene thupi liyenera kupendekera, poti zonse zinali mozondoka. Chakumadzulo mpeni unaterereka n'kuwacheka chala chachikulu cha kumanja.

Lolemba anafika chala chili chomanga ndi kansalu. Anaitana mtsikanayo, kumuimika kumanja kwawo m'malo mwa kumanzere, n'kudula mzere umodzi ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono. Sunali wowongoka kwenikweni, koma unali mzere.

"Waona pamene ndaika chigongono? Chikopa uzichizungulira chakuno, osati chauko. Tenga."

Mtsikanayo anatenga mpeniwo, kuwerama, n'kudula. A Saizi ananyamula chidutswacho, kuchiyandikiza kumagalasi, n'kuchiika pambali pa chawo chija.

"Chala chatani, bwana?" anafunsa Kondakitala ali kumakina.

"Chitseko," anayankha a Saizi. Kenako anatembenukira kwa mtsikanayo. "Dula zina khumi zotere. Ukamaliza ubwere nazo, tiyambe patani ya fili."